Giya Yachiwiri pa Khwekhwerere

Tinanyamuka pa Dedza nkhungu isanavule phiri,
ine pa chiwongolero, bambo kumanzere kwanga
atakumbatira jekete ngati mwana wa malungo.
Kagalimoto kanga ka ngongole
anakazungulira kawiri asanakwere,
namenya tayala ndi nsapato:
"Aka kakafika, Esinta?"

Zaka makumi atatu ndi ziwiri anayendetsa lole pa msewu uno,
feteleza popita, mbatata pobwera,
koma kuima kuti angoona, ayi.
Kuima kunali kwa tayala lophulika,
kwa apolisi, kwa mkodzo.
Tsopano ng'ala yayamba kuwatsekera mawindo,
ndiye ndinati tiyeni,
tikaime paliponse pamene simunaimepo.

Pa Bembeke mphepo inatilanda mawu.
Ndinawalozera minda yokwera phiri mizeremizere,
mitengo ya mapichesi, tchalitchi cha njerwa zofiira.
Iwo anati, "Apa ndi pamene Zakeyu anataya jeke.
Tinaifuna usiku wonse ndi machesi."

Mphambano ya Masasa ndinaipitirira dala.
Anadandaula za mafuta mpaka pa Lizulu,
pamene msewu ndiwo malire:
kuno kwathu, tsidya ilo Mozambiki,
nkhuku zikuwoloka popanda chiphaso.
Mabeseni anatizinga, anyezi, kaloti, nyemba zofiira,
ndipo mayi wina wa mpango wobiriwira anasuzumira pawindo,
nakuwa, "A dalaivala a lole ya buluu!
Makabichi anga awiri aja, chaka cha njala chija!"
Bambo anaseka mpaka kutsokomola,
nalipira anayi.
Kenako anawoloka okha, ndodo patsogolo,
kukagula chimanga chootcha kunja kwa dziko.

Tinabwerera. Tinakhota.
Dziko linayamba kupendekeka.

"Giya yachiwiri, mwana iwe, usadalire buleki."
Galimoto yanga imasintha yokha magiya
koma ndinangoti inde.
Dzanja lawo lamanzere linkafufuza ndodo ya giya
n'kumapeza chitseko.
Phazi lawo linkaponda pansi pa kona iliyonse,
kuponda chitsulo chimene kulibe.
Msewu unkadzipinda ngati chingwe chogwa pa msomali,
makutu n'kutsekeka, kuzizira n'kutsalira kumwamba,
jekete n'kutsikira pa maondo.

Pa kona ina yotakata ndinaima.
Pansi, chigwa chonse chinali gada:
malambe ngati anthu oima pa maliro,
utsi wa makala, njanji ya ku Golomoti,
ndipo kutali, dzuwa lili paliwombo,
nyanja, kachidutswa ka lata koiwalika pa udzu.

"Ili kuti?"
"Uko, bambo, kutsogolo kwa chala changa."
Anatsinzina, natsegula, natsinzinanso.
"Ndikuona zoyera zokhazokha. Tandiuza."
Ndinawauza. Ndinawonjezako mabwato
amene ngakhale ine sindinkawaona.
Anakhala chete nthawi yaitali.
"Ndiye kuti masiku onsewo inali pa phewa langa,
ine maso ali pa singano ya madzi otentha."

Ndinafuna kuyankha. Anandidula:
"Mabuleki ako akununkha. Tidikire azizire."
Sankanunkha.
Tinakhala pa mwala, tinagawana chimanga cha ku Mozambiki,
njere zopserera iwo, zofewa ine.

Mnyamata wina anatulukira ndi timagalimoto tosema,
mabasi, mathirakitala, ndege imodzi yopanda phiko.
Bambo anasankha lole, osati ndi maso,
anaiyenda ndi zala kuyambira ku bampala,
zitseko, thanki, magalasi a waya,
nawerenga matayala.
"Walakwitsa, mphwanga. Kumbuyo amakhala anayi."
Anagulabe, osanenerera.

Kunyanja tinafika kapena ayi, zilibe kanthu,
nsomba tinadya pena pake, ya minga yambiri.
Chimene ndasunga ndi makona otsalawo:
ine ndikutsika pang'onopang'ono monga anandiuzira,
iwo chete, lole pa miyendo,
kona ikafika
akuikhotetsa ndi chala chachikulu,
osaphonya ndi imodzi yomwe.